Ndiwafunse bwanji bambo mawu otsiriza popanda kuoneka ngati ndikuwafunira imfa?

A admin, chonde ndibisireni dzina.

Bambo anga ali ndi zaka 78, akudwala impso. Mwezi watha adokotala anatitengera pambali n'kunena kuti tikawasamalire kunyumba. Amene munadwazikapo mukudziwa tanthauzo lake. Pano ali kwa ine ku Area 25. Mutu ukugwira bwinobwino, koma mawu akuchepa tsiku ndi tsiku.

Chikundisowetsa tulo ndi zimene zinachitika pa agogo anga aakazi. Tonse tinazungulira mphasa kudikira kuti asiye mawu akuluakulu. Iwo anangotsegula maso n'kufunsa kuti, "Mbuzi mwatsekera?" Basi, n'kupita. Timaseka mpaka lero, koma za dimba lawo sananene, ndipo amalume anga awiri sapatsana moni chifukwa cha dimba lomwelo.

Bambo kwawo ndi ku Ntcheu koma anakhala chikamwini ku Dedza zaka zoposa 40, ndipo mayi anagona komweko. Azakhali ayamba kale kunena kuti mlongo wawo akagona kwawo. Pali nyumba ya malata, ng'ombe zinayi, komanso mwana wina amene timangomumva m'manong'onong'o. Ndikayamba ine nkhaniyi, mawa ndimva kuti ndikuthamangira chuma, mwinanso kuti ndine ndawalodza. Ndiyambire pati?

Mayankho

Musayambe ndinu, mayi. Mwana safunsa kholo lake za manda. Itanani amalume awo kapena mkulu wa mpingo amene amacheza naye momasuka. Akuluakulu okhaokha amadziwa kuzungulira nkhani mpaka wodwala aiyambe yekha.

Achemwali, mawu apakamwa amatha pa tsiku la kumeta. Aliyense amadzati "ine anandiuza zina." Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna wilo yolembedwa, iwo asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisainenso. Mboni zisakhale inu amene mukulandira katundu. Chitani pano mutu ukugwira, chifukwa akayamba kusokonezeka anthu adzaikana wiloyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma kuli bwino osafika kumeneko.

Ife bambo anajambula mawu pa foni chifukwa mchimwene wanga ali ku Johannesburg. Za katundu anangonena pang'ono. Mphindi zambiri anathera kupepesa kwa mayi. Ndimamverabe ndikawasowa.

Kwa ife Asilamu timamukumbutsa wodwala shahada (mawu ochitira umboni kuti palibe wina wopembedzedwa koma Allah) modekha, osamukakamiza, kuti mawu ake omaliza akhale amenewo. N'chifukwa chake ngongole ndi za katundu timafuna zithe kale. Tsiku lomaliza si la kuwerenga ng'ombe.

Koma agogo anuwo ndawakonda. Ine mawu anga otsiriza adzakhala akuti, "Foni yanga musatsegule."

Nanga inuyo mwawauza chiyani bambo anu? Ine ndinatanganidwa kudikira kuti mayi anene zawo, osadziwa kuti nawonso akudikira zanga. Stefano pomwalira anapempherera omwe ankamuponya miyala, ine ndinalephera kunena zikomo chabe.

Wolemba: Zikomo nonse. Ndawaimbira abusa awo akale, akuti abwera Loweruka. Koma funso lina: za mwana wakunja uja ndiwauziretu abusawo, kapena ndisiye bambo atchule okha? Ndikuopa kuti akapanda kufunsidwa apita nayo nkhaniyi, ndipo tidzakumana naye koyamba pa siwa.