Botolo lakale la Clarke's Blood Mixture, kodi munkakhala chani mkatimu?

Mlamu_wa_ku_Leeds

Abale tandithandizani apa. Loweruka ndinadutsa pa kamsika kena ka zinthu zakale kuno ku UK, kaja anthu amayala katundu kumbuyo kwa galimoto, nde ndinatolapo kabotolo kagalasi kobiriwira, kamakona anayi, zilembo zake zochita kutukuka pagalasi penipeni, kalembedwa Clarke's World Famed Blood Mixture ndi dzina la tauni ya Lincoln. Kukamwa kwake kudakali kachitsekero kofumbwafumbwa. Gogo amene amagulitsayo akuti ndi ka nthawi ya Mfumukazi Victoria ndipo mabotolo otere amawafukula m'maenje akale a zinyalala. Funso langa ndi loti munkakhala chani mmenemu, ankayeretsadi magazi kapena kunali kuwadyera anthu masuku pamutu? Komanso zandidabwitsa, azungu omwewa amene ankanyoza mizu ya agogo athu kuti nzachikunja, kani kwawo ankamwanso zitsamba zoyeretsa magazi eti?

Wa_ku_famase

Alamu mwatola chinthu chabwino, musungeni. Mwini wake anali Francis Jonathan Clarke, wogulitsa mankhwala wa ku Lincoln komweko, ndipo analemera nawo zoopsa. Za mkatimo zinadziwika bwino mu 1909 pamene bungwe la madokotala la British Medical Association linagula mankhwala otchuka am'sitolo nkukawayeza ku labu. Mu Clarke's anapezamo potassium iodide, tina tonunkhira pang'ono, madzi a shuga, shuga wowotcha wongopatsa mtundu, kwinako madzi basi. Botolo linkagulidwa pa mashilingi 2 ndi mapeni 9 pomwe zamkatimo sizinkafika ndi mapeni 2 omwe. Nde onani, mizu munalibe nkomwe, koma pa malonda ankati amachiza zilonda, zipere, ziphuphu, nyamakazi, kutupa kwa anabele, matenda onse akhungu ndi amagazi, kaya anayamba bwanji.

A Beecham's Pills anali achipongwe kuposa apa. Anapezamo aloe, jinja ndi sopo. Eeh sopo weniweni. Kabokosi ka shilingi 1 ndi peni imodzi ndi theka, zamkati zake mtengo wake unali kachigawo kakang'ono ka peni imodzi, phindu lopitirira ka 100. Ntchito yake inali kutsegula m'mimba basi, munthu akathamanga kuchimbudzi kawiri katatu nkumati zoipa zatuluka.

China chimene chinkapusitsa anthu ndi sitampa. Kuyambira 1783 boma la Britain linkadula msonkho pa mankhwala oterewa ndipo pa botolo lililonse pankamatidwa sitampa ya boma, nde munthu wamba akaona korona wa mfumu ankangoti boma lavomereza, chonsecho boma linangotenga yake ndalama osayeza kanthu. Ndipo ngakhale ankatchedwa patent medicines ambiri analibe patent, chikalata cha boma choteteza umwini wa chinthu chimene munthu watulukira, chifukwa kuti uipeze umayenera kuulula zimene wathiramo. Iwo ankangolembetsa dzina ndi maonekedwe a botolo, nchifukwa chake zilembo zanuzo anachita kuumba pagalasi kuti ena asakopere.

Aphunzitsi_opuma

Ana inu musawaseke kwambiri anthu a nthawi imeneyo. Muziyamba mwafunsa kuti akapita kwa dokotala weniweni ankakapezako chiyani. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 dokotala wophunzira ankakucheka mtsempha wapamkono magazi nkumachucha m'mbale, kapena kukuika misundu kuti ikuyamwe, akatero nkukupatsa calomel, mankhwala a mercury. Amenewo ukamwa masiku angapo malovu ankangoti chuu osaleka, nkhama kutupa, mano kugwedera mpaka kuguluka, mkamwa kununkha. Ndiye wina akabwera ndi botolo nkunena kuti langali ndi la zitsamba zokhazokha, mulibe mercury, simufunika kuvula pamaso pa munthu, mungomwa supuni katatu patsiku kunyumba kwanu, inu mukanasankha chiti? Mawu oti zamasamba zokhazokha ndi amene ankagulitsa malonda, anthu anali atatopa ndi mankhwala a madokotala.

Nkhani ya magazi oipa nayo sinayambe ndi amalonda. Kwa zaka mazanamazana madokotala a ku Ulaya ankaphunzitsa kuti matenda amabwera madzi am'thupi akasokonekera, ndipo za tizilombo zinadzakhazikika mochedwa, Robert Koch anapeza kachilombo ka TB mu 1882. Amalonda anangotola chiphunzitso chakalecho nkuchifewetsa. James Morison, wa ku Scotland, anayamba kugulitsa Vegetable Universal Pills cha m'ma 1825, iye nkumalalikira kuti matenda onse gwero lake ndi limodzi, magazi akuda, ndiye mankhwalanso akhale amodzi. Anatsegula nyumba ku London nkuitcha British College of Health ngati ndi sukulu yaukachenjede pomwe inali sitolo yake. M'mapiritsimo munali aloe ndi gamboge, utomoni wa mtengo wa ku Asia wotsegula m'mimba mwankhanza, ndipo malangizo ake anali oti ukaona kuti sukuchira wonjezera. Mu 1836 wogulitsa wake wina anapezeka wolakwa pa mlandu wopha munthu, wodwalayo atamwetsedwa mapiritsi pafupifupi 1,000 m'masabata atatu. Zinali zamasamba ndithu, koma munthu anapita.

Ku America mfumu ya zoyeretsa magazi inali sarsaparilla. Ndi muzu wa chomera choyanga chaminga cha ku Mexico, Honduras ndi Jamaica, umene a Spain anapita nawo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500 ngati mankhwala a chindoko. Apa mpamene pali chinsinsi chimene malonda aja sankanena poyera. Bambo wa ulemu wake sakanalowa m'sitolo nkunena kuti ndili ndi chindoko, koma kunena kuti magazi anga ada zinali zopanda manyazi. Muzuwo pawokha sunkachiza chindoko, koma ena ankathiramo potassium iodide yemwe uja a famase anena, amene madokotala ankaperekadi pa zotupa za chindoko chokhalitsa. Komanso chindoko chili ndi khalidwe loti zilonda ndi zidzolo zoyamba zimazimiririka zokha matenda ali chikhalire m'thupi, nde munthu ankalemba kalata yothokoza kuti ndachira, kampani nkuisindikiza m'nyuzipepala.

Tauni ya Lowell ku Massachusetts inali ndi makampani awiri akuluakulu opikisana, wa James Cook Ayer ndi wa C. I. Hood. Ayer ankasindikiza timabuku ta kalendala mamiliyoni chaka chilichonse nkumagawa ulere, m'zilankhulo zambirimbiri, muli masiku a mwezi, nyengo, nthabwala, pakatipakati maumboni a anthu ochira. M'nyumba zambiri zakumidzi kabukuko kankapachikidwa pa msomali kukhitchini chaka chonse. Anawaphunzitsanso anthu kuti dzinja likatha magazi amakhala atalemera, ndiye banja lonse lizimwa botolo ngakhale palibe akudwala. Munthuyu analemera mpaka tauni ina kumeneko inatchedwa Ayer.

Chimwemwe_265

kkkkk aphunzitsi mwasiya mbali yokoma. Zambiri mwa izi unali mowa man. Hostetter's Stomach Bitters ya ku Pittsburgh inali ndi mowa cha m'ma 44 peresenti, kachasu weniweni wamutu ameneyo, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 asilikali a kumpoto anaimwa zedi ati yoteteza ku matenda am'madambo. Ayer's Sarsaparilla 26, ya Hood 18, Peruna ya ku Columbus, Ohio 28 mpaka mu 1905 boma linaletsa kuigulitsa m'madera a eni nthaka a ku America, aja amawatcha Native Americans, chifukwa anthu amangoledzera nayo. Nde munthu wamwa supuni zinayi mmimba mulibe kanthu, thupi latentha, nkhawa zathawa, tulo tabwera, njala yabwera, angakane bwanji kuti magazi ayera?

Imene imandipha kuseka ndi ya Lydia Pinkham wa ku Lynn, Massachusetts. Mayi ameneyu anali wa gulu lodana ndi mowa, banja lake litagwa pa chuma mu 1873 anayamba kugulitsa Vegetable Compound mu 1875, yophika ndi mizu ngati black cohosh ndi njere za fenugreek, ya mavuto a azimayi, kupweteka kwa msambo ndi zina. Mowa pafupifupi 20 peresenti, iwo nkumati tangothiramo kuti zisawole. Azimayi amvano amene sakanalawa ndi dontho lomwe la vinyo ankapungula botolo lonse ndi mtima woyera kkkk. Nkhope yake inali pa botolo lililonse ndipo malonda ankati lemberani Mrs. Pinkham akulangizani. Mayiyo anamwalira 1883 koma makalata anapitirira kuyankhidwa kwa zaka zoposa 20, mpaka magazini ya Ladies' Home Journal inajambula chiliza chake nkuchisindikiza mu 1905.

NaBanda_nesi

Achimwene a Chimwemwe sekani koma zina sizoseketsa. Mrs. Winslow's Soothing Syrup, imene inayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1840 ku Maine ku America, inali ya makanda omera mano ndipo munali morphine. Pa chithunzi mayi wokongola wafukata mwana akumwetulira, palibe pamene analemba zamkati. Mwana ankasiyadi kulira, ena osadzukanso, ndipo makolo sankadziwa kuti chamupha nchiyani poti nthawi imeneyo ana ankafa kwambiri kale ndi kale. Za azimayi aja nazo ine sindiwaweruza, mayi wa 1880 akapita kwa dokotala wachimuna ndi vuto la chiberekero zimene akanamuchita zinali zoopsa kuposa botolo la Pinkham.

Komanso tisaponye zonse kudzala. Dr. Williams' Pink Pills for Pale People, amene George Fulford wa ku Brockville, Canada anagula umwini wake mu 1890 nkuwafalitsa m'maiko ambirimbiri, munali ayironi. Mtsikana wotumbuluka, wopuma mwawefuwefu, wochepa magazi, akanathandizikadi, ndipo dokotala wa ku France Pierre Blaud anali atasonyeza kale zimenezi cha m'ma 1832. Ndi ayironi yemweyo timapereka ku sikelo ya amayi oyembekezera lero. Bodza linali pa mtengo ndi pa mndandanda wa matenda, poti ankati amachizanso kufa ziwalo ndi zina zoti ayironi sangazikhudze.

Alamu a ku Leeds pa funso lanu lija la azungu, ngakhale David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi ndi Shire, umene anafika nawo ku nyanja yathu mu 1859, anali ndi mapiritsi ake a malungo osakaniza kwinini, jalap, rhubarb ndi calomel. Zitatu mwa zinayizo nzochokera ku makungwa ndi mizu. Pambuyo pake kampani ya Burroughs Wellcome inkawagulitsa ndi dzina loti Livingstone's Rousers. Chimene chinkagwira ntchito mmenemo ndi kwinini, wa makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America, zotsegula m'mimbazo zinali za chikhulupiriro chomwe chija choti zoipa zituluke kaye. Ine kuchipatala ndimakumana nawobe anthu oti asiya mankhwala a BP kapena a shuga chifukwa agula chigubu choyeretsa magazi pa depoti, impso ndi chiwindi ndi zimene zimasefa magazi abale, ndipo zigubu zosadziwika zamkatizo nzimene zimakaononga impso zomwezo.

Mlamu_wa_ku_Leeds

Zikomo nonse, a nesi mwandiopsa ndi ya makandayo. Nanga manyuzipepala a nthawiyo ankangoyang'ana osalemba? Zinatha bwanji?

Wa_ku_famase

Alamu nyuzipepala ikanaluma bwanji dzanja loidyetsa, malonda a mankhwalawa ndi amene ankalipira ma bilu a manyuzipepala ambiri. Ku America makampani ena ankaika ndime mu kontrakiti, yolembedwa ndi inki yofiira, yoti boma la dera lanu likangokhazikitsa lamulo lotsutsana ndi mankhwala athu kontrakiti yatha. Nde bilu ya lamulo lotere ikangolowa ku nyumba ya malamulo akonzi okha ndi amene ankayamba kuikuwiza. Amene anaswa zimenezi ndi mtolankhani Samuel Hopkins Adams mu magazini ya Collier's kuyambira October 1905, anapititsa mabotolo ku labu nkumatchula maina ndi maperesenti, komanso Harvey Wiley, katswiri wa boma wa zoyezayeza amene anali atalimbana nazo kwa zaka. Pa 30 June 1906 Pulezidenti Theodore Roosevelt anasaina lamulo la Pure Food and Drug Act.

Koma lamulolo silinaletse kugulitsa, linangoti ngati muli mowa, morphine, opium, cocaine, heroin, chamba ndi zina zingapo ulembe pa lebulo, ndipo usaname za zamkati. Ambiri anangochepetsa mowa kapena kuchotsa morphine nkupitiriza geni. Mu 1911 khoti lalikulu linagamula kuti lamulolo silikukhudza bodza loti mankhwala amachiza khansa, nde 1912 anawonjezera ndime ina, koma boma linkayenera kutsimikiza kuti munthuyo ananama dala, iye akangoti ine ndimakhulupirira kuti amachiza mlandu unkavuta. Lamulo lamano linabwera 1938 anthu oposa 100 atafa ndi mankhwala akumwa otchedwa Elixir Sulfanilamide chaka cha 1937. Kwanu ku UK uko anachedwa kuposa apa, kutsatsa mankhwala a chindoko analetsa 1917, a khansa 1939, ndipo kukakamiza kuti zamkati zizilembedwa pa botolo ndi 1941.

Ena sanafe nkomwe, anangovala jekete. Thomas Holloway wa mapiritsi ndi mafuta odzola, ndalama zake zinamanga Royal Holloway College imene Victoria anatsegula 1886, ilipo mpaka pano. Kampani ya Beecham inadzasanduka ya mankhwala enieni, nkuphatikizana ndi ena mpaka kukhala GlaxoSmithKline mu 2000, ndipo mapiritsi a sopo aja anasiya kuwapanga mu 1998.

Chimwemwe_265

1998?? Ine nditabadwa kale man kkkkk. A nesi mundikhululukire ya makanda ija sindimaidziwa.