Kafukufuku wa kuchipatala ali ndi phindu koma?

Mayi wa ku Chilomoni: Abale ndithandizeni, mwana wanga wagonekedwa ndi malungo ndiye anesi akuti alowe mukafukufuku, andipatsa pepala loti ndisaine. Apongozi akukanitsitsa ati amangofuna magazi. Mutu waima ine.

Bambo wa ku Ndirande: Phindu lilipo mayi. Katemera wa taifodi uja anamuyesera konkuno ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ana oposa 28,000, wanganso analowa nawo, anapeza kuti amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse ndipo mu 2023 boma linayamba kubaya dziko lonse.

Namwino wopuma: Pa Queens anajambula ndi MRI, makina oona mkati mwa thupi, ana okomoka ndi malungo a muubongo, nkupeza kuti chimapha ambiri ndi kutupa kwa ubongo mpaka mwana kusiya kupuma, ife kale timangowataya anawo mmanja osadziwa chachitika nchiyani, zinkawawa zedi. Koma achemwali musasaine mothamanga, funsani magaziwo atenga ochuluka bwanji komanso akachita nawo chiyani. Mukakana mwana alandirabe chithandizo, mukavomeranso mutha kutulukamo tsiku lililonse.

Mayi wa ku Chilomoni: Zikomo kwambiri amama. Mawa ndipita nawo apongoziwo akafunse okha.