Chinyezi chikundisokonezera zotsatira za FTIR pa bauxite wa ku Lichenya

Akuluakulu amene mwazolowera ntchito ya infrared spectroscopy (FTIR), njira yozindikira zimene zili mu chinthu pochiwalitsa ndi kuwala kwa infrared, ndikupempha nzeru zanu. Ndikuchita kafukufuku wa chemistry pa dothi la bauxite (lopangira aluminiyamu) limene ndinatenga ku Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo cholinga changa ndi kusiyanitsa mitundu iwiri ya miyala, gibbsite ndi kaolinite, m'zitsanzo zimenezi.

Ndimapera mamiligalamu 2 a dothi pamodzi ndi mamiligalamu 200 a mchere wa potassium bromide (KBr), kenako ndimapsinja kukhala kambale kopyapyala. Chiyambireni chiperoni kuno ku Thyolo, kambaleka kamatuluka kowala bwino, koma ndisanakaike m'makina kamakhala katachita kale mbuu ngati galasi louziridwa mpweya. Pa graph pamaoneka chigwa chachikulu pafupi ndi 3440 cm⁻¹ ndi china pa 1630, zimene ndikukhulupirira kuti ndi madzi amene KBr wayamwa. Chizindikiro cha kaolinite cha pa 3695 chikuonekabe, koma cha gibbsite cha pafupi ndi 3450 chamira m'chigwacho, ndipo cha pa 3620 sichingandithandize popeza miyala yonse iwiri ili nacho.

Kodi ndikaumitsa kambale kopsinja kale mu uvuni pa madigiri 105 usiku wonse, gibbsite sasintha? Ndikuopa kukweza kutentha chifukwa mwala umenewu umayamba kutaya madzi ake ukapitirira madigiri 200. Ndikufunsanso amene munagwiritsapo ATR (njira yoyeza mwachindunji popanda kambale ka KBr) pa dothi: kodi zizindikiro za pamwamba pa 3000 zinaoneka mokwanira, poti njira imeneyi imazifooketsa? Zitsanzo zangonditsalira pang'ono, ndipo kukweranso ku Lichenya nyengo ino ndi kovuta.