Bokosi lojambuliramo katundu la 4,500: ndigule kapena ndionjezere pa bhelo?

Felizarda, Ulongwe:
Mwaswera bwanji nonse? Ndithandizeni maganizo, mutu wandiima. Ndimagulitsa nsapato ndi zikwama za kalamidade (zakaunjika), nthawi zina makapulana, ndipo makasitomala ambiri masiku ano ndimawapeza pa Status ya WhatsApp ndi pa Facebook. Sabata yatha mayi wina wa ku Moatize anandibwezera chikwama. Pachithunzi chinaoneka chabulauni pomwe chenichenicho n'chotuwa ngati phulusa. Ndalama ya chapa (minibasi) yotumizira ndi yobwezera inatuluka m'thumba mwanga, koma chimene chinandipweteka kwambiri n'choti anandiyesa wabodza.
Tsopano munthu wina ku Tete akugulitsa zinthu zitatu pamodzi: bokosi lansalu loyera la masentimita 60 lokhala ndi timagetsi mkati, ring light (getsi lozungulira ngati mkombero), ndi choimikira foni cha miyendo itatu. Akuti zonse 4,500 meticais. Ndalamayo ndili nayo, koma ndinaisungira kuonjezera pa bhelo la mwezi wamawa. Ndigule?

Zeca, Tete:
Mana, gulani osayang'ananso m'mbuyo. Ine ndimagulitsa mawotchi, matchaja ndi zikuto za mafoni, ndipo bokosi lotere ndakhala nalo chaka chathunthu. Kale ndinkajambulira pabedi, anthu n'kumandinenerera mtengo ngati katundu wotola. Pano wotchi yomweyo ikakhala pamalo oyera sanenereranso kwambiri. Langa limayaka ndi USB, ndiye ngakhale mayunitsi a magetsi a Credelec athe usiku ndimangolumikiza ku power bank n'kupitiriza ntchito.

Amayi a Tadala, Dómuè:
Mwana wanga, 4,500 si ndalama yoseweretsa. Pamenepo pali nsapato zingati zimene zikanakubweretsera phindu? Ine nyemba, uchi ndi madengu anga ndimajambulira pakhonde m'mawa. Ndimayala nsalu yoyera pathebulo, mbali imene dzuwa silikumenya, basi. Palibe anandibwezerapo katundu. Dzuwa Mulungu anatipatsa laulere.

Felizarda, Ulongwe:
Zoona amayi, koma ine 6 koloko ndimakhala ndanyamuka kale kupita kumsika, kubwera kwake kutada. Nthawi yojambula ndi usiku ana akagona. Komanso mukudziwa mmene kumakhalira kwathu kuno mu Juni ndi Julayi, chifunga chimatha kukhala mpaka dzuwa litakwera.

Bambo Bernardo, Tsangano:
Ndiloleni ndilowererepo, pakuti ndinajambulapo zithunzi za maukwati ndi zaubatizo zaka zambiri. Mwanangu Felizarda, ndikufunse kaye: babu la m'chipinda chimene unajambuliramo chikwamacho limayaka moyera kapena mwachikasu?

Felizarda, Ulongwe:
Mwachikasu, bambo. Ndipo ndinayatsanso tochi ya foni ina kuti kuwale bwino.

Bambo Bernardo, Tsangano:
Ndiye vuto talipeza, si kusowa bokosi ayi. Kuwala kuli ndi mitundu. Ukayang'ana pa katoni ya babu la LED upeza nambala yothera ndi K. Lolembedwa 2700K kapena 3000K limayaka mwachikasu ngati nyali ya parafini, ndipo chinthu chotuwa pansi pake chimasanduka chabulauni. Lolembedwa 6500K limayaka moyera mokhala ngati mwabuluu pang'ono. Kuwala kwa masana kuli cha pa 5500K. Maso athu amazolowera okha, koma foni imachita kuyerekeza, ndipo ukaisakanizira kuwala kwachikasu ndi koyera nthawi imodzi imasokonezeka, mbali ina ya chikwama mtundu wina, mbali ina winanso.
Chimene bokosi logulalo limachita ndi zinthu ziwiri zokha. Limapereka kuwala kwa mtundu umodzi, ndipo makoma ake oyera amamwaza kuwalako kuti mthunzi usakhale wakuda bii. Zonsezi ungazipange wekha. Peza katoni yaikulu, monga zimene amatayira a m'maloja. Boola mbali ziwiri ngati mazenera, umatepo nsalu yoyera yopyapyala kapena papel vegetal, pepala lopyapyala lodutsa kuwala. Mkati uyale cartolina (pepala lalikulu lolimbako) yoyera imodzi kuchokera pamwamba kutsikira pansi mopindika, osaithyola pangodya, kuti kumbuyo kusaoneke mzere. Mababu awiri ofanana ndendende, lina uku lina uku, kunja kwa nsaluyo. Getsi la padenga uzimitse. Mababuwo akhale a LED, chifukwa akale aja amatentha ndipo pafupi ndi pepala angakuyatsire moto.
Ukapeza babu lolembedwa CRI 90 kapena kuposa, tenga limenelo, limaonetsa mitundu mokhulupirika kuposa otchipitsitsa aja.

Zeca, Tete:
Bambo Bernardo, ulemu wanu, zimene mwanenazo n'zoona, koma katoni ndinaiyesapo. Miyezi iwiri yokha inali itapindika, pepala lada ndi fumbi la kuno ku Tete. M'nyumba ya chipinda chimodzi katoni yaikulu chonchi uiika pati, ana ali pomwepo? Logulalo umalipinda n'kulilowetsa pansi pa bedi. Komanso nthawi ndi ndalama. Munthu wochoka kumsika atatopa ayambenso kumangirira mababu pamipando?

Rosita, Zóbuè:
Mano Zeca, inu katundu wanu ndi wokwana m'chikhatho, n'chifukwa chake bokosi likukuyanjani. Mnzathuyu ali ndi makapulana. Kapulana ndi pafupifupi mamita awiri m'litali, mita imodzi m'lifupi. Mu bokosi la masentimita 60 ilowamo yopindapinda, pomwe wogula amafuna aone maluwa onse mpaka m'mphepete. Zikwama zikuluzikulu zija za zogwirira zazitali nazonso zigunda kudenga. Ndiye theka la katundu wake lidzajambulidwabe kunja kwa bokosi.
Za ring light ndiye ndikuuzeni ine amene ndinagula. Ndi yabwino kunkhope, ukamapanga live kapena kuonetsa tsitsi. Pa nsapato yonyezimira imasiya kamkombero koyera ngati diso, pa botolo la perefyumu chimodzimodzi. Yanga pano ndimailozetsa kukhoma loyera kuti kuwala kuchite kubwerera, apo ndiye imathandizako.

Chikondi, Calómuè:
Ine ndili ndi mbali ina imene simunaikhudze. Makasitomala anga, a kuno ndi a ku Dedza omwe, chithunzi chikayera kwambiri amayamba kukayika. Amati mwachitenga pa intaneti, titumizireni chenicheni. Anthu anapusitsidwapo kokwanira, munthu watumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, kubwera katundu wina. Ndiye ine ndimaika zithunzi zitatu: chimodzi chooneka bwino, china nditagwira nsapatoyo m'manja, chachitatu cha kunsi kwake ndi nambala ya saizi. Ngati pali pong'ambika kapena pofufuma ndimajambulanso pomwepo. Za kalamidade munthu amadziwa kale kuti zinavalidwapo, chimene amadana nacho n'kubisiridwa.

Amayi a Tadala, Dómuè:
Apo wanena, Chikondi. Fisi akakuluma kamodzi, ngakhale galu umamuthawa.

Zeca, Tete:
Komatu chithunzi choyambacho ndi chimene chimaimitsa chala. Pa Status munthu amadutsa ngati mphepo. Chikakhala chamdima safika n'komwe pa chachiwiri chogwira m'manjacho.

Bambo Bernardo, Tsangano:
Pamenepo Zeca sukunama, ndipo sindikunyoza bokosi. Wogulitsa mawotchi ndi ndolo tsiku ndi tsiku limubwezera ndalama yake. Koma pa zitatu zimene akumugulitsa Felizardazo, chimene ine ndingatulutsire ndalama ndi choimikira foni. Usiku kuwala kukachepa foni imatenga kanthawi kuti ijambule, dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chafufutika. Ukaiimika n'kutchera timer ya masekondi atatu, ulusi wa nsapato umaoneka umodziumodzi.
Zina ndi zaulere. Pukuta galasi la kamera ndi kansalu kofewa usanajambule, foni yokhala m'thumba la kumsika imakhala ndi mafuta a m'manja. Usaiyandikitse kwambiri, mphuno ya nsapato imatupa ngati ya bakha, bwerera m'mbuyo pang'ono. Ndipo kumbuyo kukakhala koyera foni imadetsa chithunzi chonse, ndiye dina pa katunduyo pa sikirini ya foni n'kukweza kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambali.
Za makapulana, amayi a Tadala ali ndi mfundo. Usankhe Lamlungu ukaweruka ku tchalitchi, uwapachike pakhoma lamthunzi onse nthawi imodzi. Kwathu kuno miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsira chakumpoto, choncho khoma kapena zenera loyang'ana kummwera limakhala ndi kuwala kofatsa. Ngakhale tsiku la mitambo usalidandaule, mtambo ndiye nsalu yomwaza kuwala yoposa zonse.

Rosita, Zóbuè:
Musaiwalenso kuti WhatsApp imafinya zithunzi. Potumiza kwa kasitomala dinani HD, inabwera mu 2023, kapena mutumize ngati document. Mungavutike ndi mababu usiku wonse, chithunzi n'kukafika chophwanyika.

Felizarda, Ulongwe:
Mwadzuka bwanji abale? Dzulo sindinagone msanga. Ndinabwereka mababu awiri a 6500K kwa aneba, katoni sindinaipeze ndiye ndinangotsamiritsa cartolina kukhoma, mababu n'kuwatchinga ndi nsalu ya pilo yoyera, foni n'kuitsamiritsa pa chitini cha shuga. Chikwama chija chatuluka chotuwa, mtundu wake weniweni. Ndachiyang'ana m'manja, ndachiyang'ana pafoni, n'chimodzimodzi. Ndinatsala pang'ono kulira poganiza kuti ndinataya kasitomala chifukwa cha babu.
Koma mano Zeca, za kutopa zija munanena zoona. Kukonza malo kokha kunanditengera nthawi yaitali, ndipo foni inagwa kawiri pachitinipo. Ndamulembera wogulitsayo kuti andigulitse choimikira chokha, akuti aganize kaye chifukwa amafuna zipite zonse pamodzi.
Chimene chandikanika ndi nsapato zakuda. Zikungooneka ngati chibuluma cha makala, zokongoletsa zake osaoneka.

Zeca, Tete:
Akakana musamuchonderere, mana. Zoimikira zokhazokha zilipo m'maloja a mafoni kuno. Loweruka ndikukafunsirani mitengo, ndipo mukafuna ndidzapatsira wa chapa ya ku Angónia. Koma ndikunenetsa, mukadzayamba ndolo ndi mawotchi bokosilo mudzalifuna.

Bambo Bernardo, Tsangano:
Nsapato yakuda usaiike pa pepala loyera, mwanangu, kusiyanako kumaikulira foni. Yala cartolina yotuwa. Babu limodzi ulisunthire chakumbuyo cham'mbali kuti kuwala kuzidutsa mopecha pachikopa, ndiye kutsogolo uimike chidutswa cha esferovite (choyera chopepuka chija chotetezera katundu m'makatoni) chibweze kuwala pamphuno ya nsapatoyo. Uyese madzulo ano ndi peyala imodzi, utitumizire tione.