Kodi ndingapite ndi mayi ku Zomba Central popanda kalata yowatumiza?

Abale a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa kayendetsedwe ka zipatala za boma. Mayi anga ali ndi zaka 68, amakhala kumudzi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo akhala akudwala kuthamanga kwa magazi kwa zaka zitatu. Mwezi uliwonse amakwera kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathuko, buku lawo lakuchipatala atalikulunga m'jumbo kuopa mvula, koma tsopano miyendo yatupa moti nsapato sizikulowanso, pamene mankhwala akulandirabe omwe aja. Mtima wanga suli m'malo.

Ndimamva kuti wodwala amayenera kuyambira kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono, zikakanika atumizidwe kuchipatala cha paboma, ndipo kumeneko akalephera ndiye apite ku chimodzi mwa zipatala zinayi zikuluzikulu, zomwe ndi Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Mzuzu Central ndi Zomba Central. Chikundisokoneza n'chakuti anzathu a ku Machinga ali ndi chipatala chawo cha paboma ku Liwonde, pamene ife a ku Zomba tilibe, ndipo Zomba Central ndiyo imasenza ntchito ziwiri zonsezi. Kodi ndikawatenga mayi n'kupita nawo molunjika popanda kalata, akawalandira? Nanga ku St Luke's ku Malosa, poti n'chipatala cha mpingo, tikalipira chilichonse?

Yankho:

Pepani ndi matenda a mayiwo. Ine ndinagwirapo ntchito ya unamwino, ndipo ndikulangizani kuti muwaperekeze nokha kuchipatala chaching'onocho mawa lomwe, musadikire tsiku lawo lolandira mankhwala. Mukafotokoze za kutupako ndi kupempha adokotala kuti alembe m'buku lomwelo kuti akuwatumiza ku Central, chifukwa amene akawalandire kumeneko amafuna kuona mmene BP yakhala ikuyendera ndi mankhwala onse amene amwapo. Koma akayamba kubanika, makamaka pogona, kapena kumva kupweteka pachifuwa, za kalata zisiyeni, thamangani nawo nthawi yomweyo.

Ku St Luke's mukalipira, pakuti zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, n'zolipiritsa. Mgwirizano umene zina mwa izo zili nawo ndi boma umakhudza kwambiri amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, choncho mufunse kaye mtengo musanawanyamule.