Kodi kagalu kosamaliza katemera kangazolowere bwanji anthu?

Mlera-kagalu analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuweta agalu. Ndili ndi kagalu ka masabata 9, ndipo ndikufuna kuti kakadzakula kadzakhale m'gulu la agalu amene amapita kukacheza ndi okalamba kapena odwala, monga amachitira mabungwe ena. Chandivuta n'chakuti malangizo amene ndalandira akusemphana. Dokotala wa ziweto akuti kasamayendeyende kufikira katamaliza katemera pa masabata 16, pamene ena akuti ndikadikira mpaka pamenepo ndidzakhala nditachedwa, chifukwa galu amaphunzira kukhulupirira anthu akadali wamng'ono kwambiri. Kodi ndimvere ndani? Nanga galu aliyense woleredwa bwino angaithe ntchito imeneyi?

Wosunga Agalu Wakale anayankha kuti:

Onsewo akunena zoona, kungoti aliyense akuopa chinthu chake. Dokotalayo akuopa matenda, enawo akuopa kuti galu angadzakule ndi mantha, ndipo mantha mwa galu ndi ovuta kuwachotsa akakhazikika.

Kafukufuku amene John Paul Scott ndi John Fuller anachita ku Bar Harbor, m'dziko la America, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1965, anaonetsa kuti pali nyengo yochepa, kuyambira pamene kagalu kali ndi masabata atatu kufika cha m'ma 12, imene kamalandira zinthu zachilendo mosavuta. Nyengoyi ikadutsa, chilichonse chimene sikanaonepo kamayamba kuchikayikira. Paja akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Choncho kukatsekera m'khola mpaka masabata 16 n'kutaya nthawi imene simudzaipezanso.

Koma kuzoloweza sikutanthauza kukasiya kuti kazingoyenda paliponse. Dziko mungathe kulibweretsa pakhomo panu. Itanani anthu osiyanasiyana, amuna a mawu aakulu, ana, munthu wovala chipewa, wina woyenda ndi ndodo, ndipo ngati n'kotheka wina wa panjinga ya olumala, popeza zimenezi ndi zomwe kadzakumane nazo kumene mukufuna kuti kazidzapita. Mukafuna kuti kamve phokoso la magalimoto, kanyamuleni m'manja. Kazolowereninso kugwidwa makutu, mapazi, mchira ndi pakamwa, uku mukukapatsa kachakudya, chifukwa manja a munthu wokalamba amanjenjemera ndipo mwana sadziwa kusisita pang'onopang'ono.

Chimene ambiri amalakwitsa, ndipo ine chimandimvetsa chisoni, ndi kuganiza kuti kuchuluka kwa anthu ndiye maphunziro. Kagalu kakapinda mchira, kakamayasamula popanda tulo, kunyambita milomo kapena kutembenuzira nkhope kumbali, kakunena kuti zakakulira. Pamenepo musakakokere kwa mlendoyo. Bwererani nako patali, kayang'ane kali phee, kenako kadzapita kokha kukanunkhiza. Alendo atatu amene kakondwera nawo aposa khamu limene lakachititsa mantha.

Wothandiza ku Chipatala cha Ziweto anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi abambo ayankha pamwambawa, koma ndikufuna kuti mawu a dokotala asapepukitsidwe. Matenda a parvo amapha tiagalu m'masiku ochepa chifukwa cha kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo kachilombo kake kamatha kukhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale galu amene anakasiyayo atachoka kalekale. Mungathenso kukabweretsa nokha pansi pa nsapato.

Katemera amabwerezedwa pa chifukwa ichi: chitetezo chimene kagalu kanayamwa kwa mayi wake chimatha kulepheretsa katemera woyamba kugwira ntchito, ndipo chitetezocho sichitha pa nthawi yofanana mwa tiagalu tonse. N'chifukwa chake amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi, kufikira cha pa masabata 16. Wa chiwewe amaperekedwa kuyambira pa miyezi itatu, ndipo ameneyu musamuzengereze, pakuti amateteza ndi anthu omwe.

Choncho kasaponde pamene agalu osadziwika amachitira chimbudzi. Agalu oti kasewere nawo akhale aakulu ofatsa amene mukudziwa kuti analandira katemera, ndipo akumane pamalo aukhondo. Mankhwala a njoka za m'mimba musaiwale.

Mphunzitsi Wopuma anayankha kuti:

Ine ndiyankha funso lachiwiri, limene anzangawa alilambalala. Yankho ndi lakuti ayi, si galu aliyense.

Choyamba tisiyanitse ntchito ziwiri. Pali agalu amene amaphunzitsidwa kuthandiza munthu mmodzi, monga otsogolera anthu osaona. Bungwe la The Seeing Eye linayamba ntchito imeneyi ku America mu 1929, ndipo la Canine Companions, limene limapereka agalu kwa anthu a ulumali wosiyanasiyana, linayamba mu 1975 ku California. Mabungwe otere amapereka tiagalu ta masabata pafupifupi 8 kwa mabanja odzipereka kuti atilere kwa chaka chimodzi kapena kupitirirako, asanatitenge kukatiphunzitsa ntchito yeniyeni. Taonani kuti chaka chonsecho chimathera pa ulemu wa m'nyumba ndi kuzolowera anthu basi. Ngakhale zili choncho, agalu ambiri ndithu amalephera maphunzirowo, chonsecho anabadwa kwa makolo osankhidwa mosamala.

Ndiyeno pali agalu ocheza, amene inu mukunena. Ameneyu ndi galu wapakhomo amene amapita ndi mwini wake ku chipatala, ku sukulu kapena ku nyumba zosungira okalamba. Katswiri wa maganizo a ana, Boris Levinson, analemba za ubwino wake m'zaka za m'ma 1960 ataona kuti mwana amene sankafuna kulankhula anamasuka pamaso pa galu wa katswiriyu, ndipo ku Britain bungwe la Pets As Therapy lakhala likuyendetsa maulendo otere kuyambira mu 1983. Asanavomereze galu amamuyesa, ndipo chimene amafuna si kudziwa masewera ambiri ayi. Amaona ngati amayenda pachingwe osakoka, ngati salumphira anthu, ngati amalandira chakudya m'manja mofatsa, ndiponso ngati amabwerera msanga m'malo chinthu chikagwa mwadzidzidzi.

Galu wongopirira alendo ndi wosiyana ndi galu wokonda alendo. Wopirirayo angathe kupambana mayeso, koma amabwera kunyumba atatopa, ndipo tsiku lina adzaonetsa mano. Musaweruze kagalu kanu tsopano. Dikirani kadutse usinkhu wovuta uja woyambira cha pa miyezi 6, pamene agalu ambiri amakhala ngati aiwala zonse zimene anaphunzira.

Mlera-kagalu analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayamba kale kuitana alendo. Chatsala n'chakuti kamaluma manja tikamasewera, ndipo kamalira kwambiri ndikangotuluka. Kodi zimenezi zikusonyeza kuti sikadzayenera?

Wosunga Agalu Wakale anayankhanso kuti:

Ayi, zimenezo n'zachibadwa pa msinkhu umenewo. Kuluma kudzawonjezekanso mano akamaguluka, mpaka cha pa miyezi 6 pamene mano aakulu 42 amakhala atamera. Kakaluma, siyani masewerawo nthawi yomweyo, dikirani pang'ono, kenako kapatseni chinthu choti kazitafuna. Musakamenye, chifukwa galu amene mukufuna kuti adzagwidwe ndi anthu osawadziwa sayenera kuphunzira kuti dzanja limapweteka. Onaninso ngati kakugona mokwanira, poti kagalu kotopa kamaluma kwambiri.

Za kulirazo, kaphunzitseni kukhala kokha pang'onopang'ono. Tulukani kwa kanthawi kochepa kali kutafuna kanthu, bwererani kasanayambe kulira, ndipo muzitalikitsa nthawiyo tsiku ndi tsiku. Kulirako kukapitirira mpaka kumakana chakudya kapena kudzivulaza pofuna kutuluka, kambiranani ndi dokotala wa ziweto uja.