Odwala a "mutu ndi mtima" amene akudumpha masiku a kukiliniki

NaBanda, wopereka uphungu, Rosettenville:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno ku Joni tili ndi odwala akwathu a ku Malawi angapo, makamaka alonda a usiku ndi amayi ogwira ntchito zapakhomo, amene dandaulo lawo ndi limodzi: mutu ukugunda chakunkhongoku, mtima ukuthamanga, tulo palibe, thupi lonse lefu. BP imapezeka yokwera pang'ono kapena ili bwinobwino. Amalandira Panado n'kumapita, kenako amadumpha tsiku lotenga ma ARV kapena mankhwala a BP. Ndikafunsa za stress amati "ayi, ndili bwino." Ndikatchula depression nkhope imasintha, amati "ine si wamisala." Pa munthu mmodzi ndimakhala ndi mphindi 20 basi. Ndiyambire pati, nanga nditani kuti abwerenso?

A Mbewe, namwino, Hillbrow:
Asisi, thupi liyambe laonedwa, apo ayi tiphonya matenda ena. Kufooka ndi kuthamanga kwa mtima kumabweranso ndi kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro ndi TB. Namwino ayeze Hb (kuchuluka kwa magazi) ndi shuga pachala, afunse za chifuwa, thukuta la usiku ndi kuonda, ndipo kwa amayi afunse za msambo ndi mimba. BP ayeze munthu atakhala pansi mphindi 5, osati atangotsika taxi ali wefuwefu, ndipo abwereze.

Chachiwiri, mufunseni kuti pamutupo akumwa chiyani. Ambiri atulutsa kapepala ka Grand-Pa m'thumba la malaya. Ufa umenewu uli ndi aspirin, paracetamol ndi caffeine, ndipo munthu akamaumwa masiku 10 kapena kuposa pamwezi, mutu umayamba kupweteka chifukwa cha mankhwala omwewo. Mlonda akawonjezerapo ma energy drink awiri atatu kuti asawodzere pageti, kukacha mtima uli m'mwamba, tulo tosabwera. Amene ali pa TLD (piritsi la ma ARV) ndipo sakugona, kusamutsa piritsi kuti azimwa akangodzuka kumathandiza ena, koma asinthe pogwirizana ndi namwino.

Kupweteka pachifuwa kotulutsa thukuta, mutu woyamba mwadzidzidzi mwamphamvu, kufooka mbali imodzi, khosi louma ndi kutentha thupi: amenewo si auphungu, ndi a casualty (kothandizira matenda adzidzidzi) nthawi yomweyo.

A Mwale, katswiri wa za maganizo, Braamfontein:
Thupi likaoneka kuti lili bwino, yambani ndi mafunso awiri oyamba a PHQ-9, pepala la mafunso 9 loyezera depression: kusasangalala ndi zinthu zimene kale ankazikonda, ndi kukhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo. Lililonse lili ndi mapointi 0 mpaka 3. Akapeza 3 kapena kuposa pa awiriwa pamodzi, malizani onse 9. Onse pamodzi amafika 27, ndipo kuyambira 10 munthuyo aonane ndi dokotala kapena namwino wa za maganizo.

NaPhiri, social worker, Yeoville:
A Mwale, mapointiwo ndi olondola, koma mukayamba ndi pepala munthu wakwathu atseka pakamwa. Akuopa kale kuti chilichonse cholembedwa chikafika ku Home Affairs kapena kwa abwana. Pepala likhale pansi kaye. Mawu otsegula chitseko ndi akuti "kodi mwakhala mukuganiza kwambiri?" Palibe amene amachita nawo manyazi mawu amenewa. Kenako: "kumudzi kuli bwanji?" Apa ndiye nkhani imatuluka. Yang'anani foni yake ili pamiyendopo, ikungoyaka ndi mauthenga a WhatsApp: mayi akufuna fetereza mvula isanagwe, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kuli maliro amene sangapiteko chifukwa akatuluka sadzalowanso. Iye ali m'kachipinda ka anthu anayi, lendi ikudikira pa 1, ndipo kwawo amangodziwa kuti ali ku Joni, ndalama amatola pansi.

Mukamva zimenezi, mulumikizireni thupi ndi maganizo m'mawu osavuta: "Mtima ukamva kuti kuli choopsa umathamanga, minofu ya m'khosi imakungika, m'mimba mumasokonezeka. Kwa inu choopsacho sichikuchoka, ndiye thupi silikupuma. Mutu ukupwetekadi, simukunama, ndipo si misala." Chiganizo chomalizachi musachisiye. Akamva kuti mwamukhulupirira, ndiye mutulutse pepala la a Mwale, ndipo mumuuze amene aliwerenge ndi amene sadzaliona.

A Mwale:
Ndavomera, amayi, dongosolo likhale limenelo. Ndiwonjezere kuti mafunsowo muziwerenga ndinu mokweza, ndipo gwiritsani ntchito PHQ-9 ya Chichewa imene inayesedwa kale ku Malawi, musamamasulire pomwepo chifukwa tanthauzo limasintha. Mafunsowo amanena za masabata awiri apitawa, ndipo mayankho ake oti "masiku angapo" ndi "kuposa theka" amasokoneza. Jambulani timabokosi 14 papepala, munthuyo aloze masiku amene anamva choncho. Mowa ufunseni padera, mwa mabotolo ndi kukula kwake, osati "mumamwa?" chifukwa yankho lidzakhala "pang'ono."

Tsopano za mphindi 20 zija. Njira yoyenera nthawi yochepa ndi yothetsa vuto limodzi pa nthawi, imene pulogalamu ya uphungu ya Friendship Bench ya Dr Dixon Chibanda ku Harare imagwiritsa ntchito pokumana maulendo 6, ndipo ilinso mu Problem Management Plus ya WHO, ya maulendo 5. Munthuyo atchule mavuto ake onse, inu mukulemba. Kenako muwagawe pawiri: amene angachitepo kanthu, ndi amene panopa alibe nawo mphamvu, monga pempho la mapepala limene likudikira yankho. Asankhe limodzi yekha pa gulu loyamba. Cholakwika chathu chachikulu chili apa: timamusankhira, kapena timalola vuto lalikulu ngati "ndalama." Limenelo silinyamulika. Lidulidwe mpaka lifike poti "Lamlungu madzulo ndiimbira achimwene kuwauza kuti mwezi uno nditumiza R500, osati R1,500, ndipo ya fetereza tigawane." Pakhale tsiku, ola, ndi mawu amene akanene. Muyeserere limodzi, inu mukhale achimwenewo, mudandaule monga adzadandaulire. Ulendo wotsatira muyambe ndi kufunsa kuti zinayenda bwanji. Zikakanika si kulephera kwa munthuyo, ndiye kuti sitepe inakula, iduleninso.

Mphindi 3 zomaliza muphunzitseni kupuma: dzanja pamimba, kukoka mpweya masekondi 3, kutulutsa masekondi 3, mimba ndiyo ikwere osati mapewa. Ambiri amakoka mwamphamvu kwambiri n'kuchita chizungulire, ndiye muwauze kuti chofunika n'kuchedwetsa, osati kudzaza chifuwa. Aziyeserera tsiku lililonse ali phee, kuti mtima ukadzathamanga thupi lidzakhale litazolowera.

A Zimba, wotsata odwala m'madera, Diepsloot:
Zonsezi n'zabwino, koma munthu sabwera ngati kubwerako kukumudyera ganyu ya tsiku lonse. Mufunseni mosamuweruza: "chinakulepheretsani n'chiyani?" Mayankho amakhala anayi: abwana, ndalama ya taxi, mantha a mapepala, kapena kuopa kukalipiridwa chifukwa anadumpha.

Za mapepala, adziwe kuti gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kubwezedwa pa matenda adzidzidzi. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lawo kapena mapepala. Amene wabwezedwa pageti alembe tsiku ndi nthawi, mum'perekeze kwa mkulu wa kiliniki.

Za abwana, wogwira masiku 5 pasabata ali ndi masiku 30 a tchuthi cha matenda pa zaka 3, ndipo antchito apakhomo alimo. Atenge kalata yakukiliniki asanatuluke, yosonyeza kuti anabwera, yosatchula matenda. Amene viral load yake (kuchuluka kwa HIV m'magazi) yatsika pansi pa 50, kapena BP yakhazikika, mufunsireni kwa namwino za ndondomeko ya boma ya CCMDD, kuti azikatenga mankhwala kufamase kapena pamalo apafupi osaima pamzere. Tsiku la uphungu muliike limodzi ndi tsiku la mankhwala, asayende kawiri. Ndipo kuyambira Okutobala yambani kufunsa amene akupita kumudzi pa Khirisimasi, atenge kalata ya transfer ndi mankhwala okwanira asanakwere basi ku Park Station.

NaBanda:
Zikomo nonse. Mafunso awiri. Amayi ena amalowa ndi amuna awo kapena mnzawo wakutchalitchi kuti aziwamasulira kwa namwino. Ndiwalole? Nanga wina akavomera funso la 9 la pa PHQ-9, lija la maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, Lachisanu madzulo, namwino wa za maganizo ataweruka?

NaPhiri:
Pa mafunso a maganizo womasulira asakhale mwamuna wake, mwana wake, abwana kapena wakutchalitchi. Mayi sanganene za nkhanza womenyayo ali pambali pake, ndipo nkhani ikafika kumpingo imafikanso kumudzi tsiku lomwelo. Nenani mwaulemu kuti "gawo ili timaonana ndi wodwala yekha, ndi lamulo la aliyense," kenako mumasulire ndinu.

A Mwale:
Pa funso la 9, funsani molunjika: "Mukuganiza zodzipha? Mwakonza njira? Muli nayo pafupi? Munayesapo kale?" Kufunsa sikumuika munthu ganizolo m'mutu. Ngati pali njira yokonzedwa, kapena anayesapo posachedwa, asatsale yekha ngakhale mphindi imodzi. Namwino aliyense amene alipo alembe kalata, apite ku casualty ya chipatala cha dera lanu ndi womuperekeza. Akakana koma moyo uli pachiswe, Mental Health Care Act ya 2002 imalola kumuunika kwa maola 72, ndipo pempho limalembedwa pa Form 04.

Ngati ndi maganizo chabe opanda dongosolo, lembani naye mayina a anthu awiri amene angawaimbire usiku, pamodzi ndi nambala ya SADAG, bungwe lothandiza pa za maganizo, 0800 567 567. Funsani za mankhwala a makoswe aja kwathu timati tameki, ndi mapiritsi osungidwa m'chikwama, wachibale amene wodwalayo wamusankha akazichotse m'nyumba lero lomwe. Muuzeninso dokotala za funso limeneli asanalembe mankhwala, chifukwa amitriptyline, mmodzi mwa mankhwala a depression, ndi woopsa munthu akamwa wambiri. Akapatsidwa wina wotchedwa fluoxetine, adziwiretu kuti amatenga masabata 2 mpaka 4 asanayambe kumveka, ndipo masiku oyamba angachite nseru, apo ayi asiya pa tsiku lachisanu n'kumati sakugwira ntchito. Muimbireni Lolemba m'mawa, pa nambala ndi ola limene iye wanena kuti amakhala yekha.